Nakhuta, Anyina Misozi

Ku Tete ndinapita chaka chimene thonje linatigwetsa. Tinalima munda wonse wa kuseli kwa phili, ine ndi amuna anga, koma mvula inadula pakati, ndipo kathonje kamene tinatola sikanatifikitse kulikonse. Mwana wathu Misozi anali atangoyamba sukulu. Ndi yekhayo amene tili naye, n'chifukwa chake kuno ku Nyimba amuna anga amaitanidwa awisi Misozi, ine anyina Misozi.

Nkhani ya nchito inabwela ndi msuweni wanga wa ku Petauke amene amayendetsa thilaki. Anati kampani ina yomanga mseu ku Mozambiki ikufuna azimai ophikila anchito, makamaka omva Chinyungwe. Ine ndinkachimva. Makolo anga anachokela komweko, anathawa nkhondo ine ndili kumsana, ndipo nkhondo itatha sanabwelelenso. Ndinakulila kuno, ndinakwatiwa kuno, koma pamudzi wa amuna anga panalibe amene anaiwala kumene ndinachokela.

Tsiku lonyamuka anandipelekeza mpaka pamseu waukulu. Alamu anga a Ketelina, mlongo wawo wa amuna anga, ndi amene anagwila Misozi dzanja pamene minibasi inaima.

"Muyende bwino, alamu," anatelo. "Mukubwelela kwanu basi. Mwana tisunga."

Ndinaseka, koma liwu lija lakuti "kwanu" ndinayenda nalo mpaka Katete, mpaka kuoloka malile.

Kampu inali m'thengo la milambe, kutali ndi tauni. Kutentha kwa ku Tete si kwamasewela. Masana malata sunkayelekeza kuwagwila, ndipo madzi akumwa ankatuluka pampopi ali ofunda ngati osamba wodwala. Tinkagona azimai asanu ndi mmodzi chipinda chimodzi. Miphika inali yofika m'chiuno, povundula tinkagwila mthiko awiliawili, ndipo mzele wa anthu odya unkazungulila nyumba yosungilamo simenti.

Ine anandiika pazenela pobwezela mbale. Pamenepo m'pamene ndinadziwila kuti kukhuta kuli mitundu. Alipo amene wangopha njala: amabweza mbale atakomba mpaka kuwala, maso ali kumphika. Alipo amene zamukwana: amasiya kanthongo pambali, amasamba m'manja mosafulumila, n'kunena zikomo. Wina amakhuta mpaka m'khosi, mimba ili ndi ndi ndi, lamba wamasula, akugeya asanafike ndi pakhomo pomwe, ndipo kukacha amabwela akudandaula kuti wadzimbidwa, ngati kuti tinachita kumugwila pakamwa. Ndiye panali wongonamiza m'mimba ndi buledi ndi madzi tsiku limene ndiwo zatha iye asanafike. Ameneyo ankati "ndakhuta" mwaukali, ndipo sunkayenela kumuyang'ana kumaso.

Aliyense ankanena m'chilankhulo chake. A ku Zimbabwe ankati "ndaguta", Abemba "naikuta", eni dziko ankangophimba mbale ndi dzanja n'kunena kuti "shega". Ife a ku Nyimba ndi Petauke timati "nakhuta". Pomatha chaka ndinali nditazolowela moti ndinkadziwa ndi khutu lokha, ndisanaone m'mbale, kuti uyu akunena zoona, uyu akunama.

Kumeneko munthu sankakhulupilila mnzake. Pageti ankatipisa m'zikwama ndi kutikutumulitsa zitenje, kuopa kuti taba nyama. Amuna nawonso ankatikayikila. Inafala nkhani yoti timathila mankhwala mu nyemba kuti azikhuta msanga, ndiponso kuti asamakumbuke akazi awo. Tsiku lina bambo wina woyendetsa chimakina chosalaza mseu anamenyetsa mbale pazenela panga.

"Amai, kukhuta kwa nyemba zanu si kwenikweni. Mimba ikutupa ngati ya chule koma m'mawondo mulibe mphamvu. Mumathilamo chiyani?"

"Mchele ndi mafuta, bambo."

"Nanga chofiilacho?"

Ankanena kololau, ufa wofiila umene amagulitsa m'misika yonse ya kumeneko. Ungofiilitsa msuzi, suwawa, sununkha kwenikweni. Ndinamuonetsa paketi yake, anainunkhiza, n'kuchoka akung'ung'udza. Zoona zake, nyembazo zinali zakalekale, zofumbwa. Sikunali kukhuta, kunali kutupidwa. Koma ndani akanamva za wophika?

Mnzanga weniweni anali Esinati wa ku Dedza. Tinkagona moyandikana, tinkachapila beseni limodzi. Tinkakangana zachabechabe, iye akuti nsima yogona ndi mkute, ine ndikuti ndi chimbala, mpaka anzathu kutiletsa. Nditadwala malungo, ndi iye amene anagwila nchito yanga pamodzi ndi yake masiku anayi, akumabwela mothamanga kudzandifunditsa chitenje chonyowa. Ankaimba nyimbo za kwaya povundula, ndipo ankadya ngati mwamuna wa kumunda.

Chaka chachitatu Esinati anasintha. Tikakhala pansi kuti tidye, ankatema nthongo ziwili n'kusamba.

"Ndakhuta, asisi."

Khutu langa linandiuza kuti akunama. Ndinayamba kumuyang'anitsitsa. Ndinaona kuti kapitao wa kukhichini, amene ankadya nyama yokazinga kunyumba kwake, samukalipilanso. Ndinaona kuti madzulo ena Esinati amachedwa kubwela kuchokela kumpopi. Ndinaphatikiza izi ndi izi, n'kunong'oneza mmodzi yekha wa m'chipinda mwathu kuti mwina mnzathu akudya kwa kapitao. Sabata isanathe nkhani inali pamzele wonse. Esinati sanandifunse kanthu. Anangosiya kuimba, ndipo beseni anagula lake. Tsiku lina m'mawa tinapeza mphasa yake itapindidwa, chikwama palibe. Ena anati anali ndi pathupi. Ena anati anali ndi nthenda ya m'mimba, wapita kwawo kukafa. Mpaka lelo sindidziwa. Nambala imene anandipatsa sinalilepo.

Zimene ndinkalandila ndinkatumiza kwathu kudzela mwa msuweni wanga uja. Nyumba anafolela malata, amuna anga anagula zipangizo n'kutsegula malo okonzela njinga pamsika wa Nyimba. Foni inkagwila ukakwela pachulu china kuseli kwa kampu, ndiye Lamulungu masana tinkakhala pamzele pachulupo, aliyense akufuula m'chilankhulo chake. Poyamba awisi Misozi ankalankhula mpaka foni kutentha. Pambuyo pake anali kungoti, "Tili bwino. Mwana ali kwa azakhali ake." Ndinkadziuza kuti ndi kutopa.

Mseu utatha, nchito inathanso. Ndinabwela patapita zaka zinayi ndi miyezi, nditanyamula mpunga, nsomba zamchele, zitenje za alamu, ndi kachitini ka kololau. Kachitiniko ndinkakasunga m'chikwama changa cha zovala, chifukwa m'khichini munali makoswe.

Misozi anali atatalika kufika paphewa panga. Anagwada patali, n'kundipatsa moni ngati mlendo wa kumpingo. Tsiku loyambalo amene anaphika ndi a Ketelina, ndipo tonse tinadya bwino. Kutacha ndinati lelo adye za manja anga. Ndinapha nkhuku, ndinakazinga, n'kupita m'chipinda kukatenga kachitini kaja. Pamene ndinkawaza mumphika, ndinaona chithunzithunzi pakhomo. Anali a Ketelina, ataima, manja kumbuyo.

"Lowani, alamu."

"Iyayi, ndimangodutsa."

Tinakhala pamphasa atatu. Amuna anga anatema nthongo, anaiviika m'mphepete mwenimweni mwa mbale, anameza. Anatemanso ina osaviika. Kenaka anakoka beseni la madzi.

"Nakhuta, anyina Misozi."

Mwana anayang'ana atate ake, nayenso n'kusamba.

"Nakhuta, amama."

Ine amene ndinamva liwu limenelo kwa amuna mazanamazana, sindikanasokonezeka. Onse awili ankanama. Munthu wokhuta amatsamila kumbuyo, amapuma mozama, maso amalemela. Iwo anakhala chilili ngati ali pabenchi ya kuchipatala.

Zinapitilila. Ndiphike mpunga, akhuta. Ndiphike nsomba, akhuta. Nditendele chiwawa, ndiwo ya masamba a maungu, monga ankachikondela kale, atemako pang'ono, akhuta. Chimbala chinkadzaza dengu, nkhumba zathu ziwili n'kumanenepa.

Maganizo anga anathamangila kwa mkazi. Mwamuna amene wakhala yekha zaka zinayi, akamati wakhuta pakhomo pake, ndiye kuti kwina kuli mbale yake. Ndinayamba kununkhiza malaya awo pochapa. Akapita kukasamba ndinkatsegula foni yawo, koma munali manambala a ogula matayala okhaokha. Ndinkayang'ana nkhope ya mkazi aliyense amene wandipatsa moni mokoma kwambili pachitsime.

Tsiku lina ndinabweleka njinga, n'kuwatsatila kumsika. Ndinabisala kuseli kwa azimai ogulitsa nthochi. Dzuwa litafika pamutu ndinawaona akupukuta manja, ndinati tsopano apita kwa mwini mbale. Sanapite kulikonse. Anagula chimanga chootcha, n'kukhala pachitsulo cha njinga yakufa, n'kuchikukuta mpaka chitsononkho kuyela. Anagulanso nthochi zinayi, n'kudya motsatizana osapuma. Ameneyu sanali mwamuna wodyetsedwa kwina. Anali munthu wanjala.

Ndiye ndinaopa. Ndinakumbuka Esinati. Madzulo ake ndinawafunsa.

"Awisi Misozi, kodi m'mimba muli bwino? Mailo m'mawa tipite kuchipatala ku Minga akakupimeni."

"Ndili bwino ine."

"Nanga bwanji simukudya?"

"Ndikudya. Munthu akakula mimba imachepa."

"Ya mwananso yachepa?"

Ananyamula mpando n'kukakhala panja.

Loweluka lotsatila amuna anga ali kumsika, ndinaphika nyama ya mbuzi, msuzi wofiila bwino. Misozi atatema nthongo yake imodzi n'kufuna kusamba, ndinachotsa beseni.

"Lelo sunyamuka. Umalize mbale iyi."

"Nakhuta, amama."

"Wakhuta chiyani? Kuyambila m'mawa uli pano ndi ine. Idya."

Anadya akulila, misozi ikugwela mumsuzi. Koma ndinaona kuti pakamwa pakukonda. Anayamba mokakamizika, kenaka dzanja linafulumila lokha, mpaka anakomba mbale ndi chala. Atamaliza anayang'ana mbale yoyelayo ngati waswa chinthu cha eni ake. Ananyamuka n'kuthamanga.

Ndinamutsatila. Analowela kwa azakhali ake, kuseli kwa bafa la udzu. Nditafika ndinapeza mwana wanga atagwada, a Ketelina atamugwila pachipumi, m'dzanja lina muli kapu ya madzi obiliwila.

"Imwa yonse, usanze. Fulumila zisanalowe m'magazi."

Ndinamenya kapuyo, inagwela kutali.

"Mukumupatsa chiyani mwana wanga?"

A Ketelina sanachite manyazi. Anaimilila n'kumanga chitenje bwinobwino.

"Funso limenelo ndi langa, alamu. Inu mukuwapatsa chiyani? Ufa wofiila umene mumabisa m'zovala zamkati, mumayesa sindinauone? Ngati ndi wa ndiwo, bwanji sukhala kukhichini ndi mchele?"

"Ndi kololau! Dziko lonse kumene kuja amadya!"

"Kumene kuja, ee. Tikudziwa za kwanu. Mkazi akakhala zaka zinayi pakati pa amuna okhaokha, pobwela amabwela ndi chopusitsila mwamuna kuti asafunse. Mlongo wanga simumusandutsa chitsilu ine ndili moyo."

Anthu anayamba kusonkhana. Palibe amene anadabwa. M'pamene ndinazindikila kuti mudzi wonse unkadziwa, kupatula ine. Ndinakumbuka azimai amene ndinawagawila nsomba, momwe analandilila ndi nsonga za zala.

Amuna anga atabwela ndinawadikila atsike panjinga.

"Inunso mukukhulupilila kuti ndikukuthililani mankhwala?"

Anatsamiza njinga pakhoma.

"Sindinanene kuti ndikukhulupilila."

"Koma simukudya."

"Zaka zinayi n'zambili, anyina Misozi. Unapita uli munthu amene ndikumudziwa. Wabwela ukuphika zina, ukulankhula zina, ukugona ndi chikwama kumutu. Ine ndidziwa bwanji?"

"Mukanandifunsa."

"Iwe unandifunsa pamene unkatsegula foni yanga?"

Sindinkadziwa kuti anandiona.

Nkhani inapita kwa ankhoswe athu, a Lungu, amene ndi mkulu wa mpingo. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango pakhomo pawo, ine uku, amuna anga ndi a Ketelina uko. Ndinaika kachitini pakati. Akazi awo a a Lungu, amene amapita kukaoda zitenje kumalile, anakatsegula n'kuseka.

"Aka? Aka amagulitsa pamodzi ndi anyezi. Ine ndinagulapo, bambo awa anadya osadziwa." Anapisa chala, n'kunyambita. "Ngati n'kopusitsa amuna, kwa awa sikanagwile."

Ena mwa anthu amene anabwela kudzamvela anaseka. A Lungu sanaseke. Anatembenukila kwa a Ketelina.

"Nanga inu amai, madzi amene munkamwetsa mwana munawatenga kuti?"

A Ketelina anazungulilazungulila, koma a Lungu anawapanikiza mpaka anaulula. Atangomva kuti ndikubwela, ndisanafike n'komwe, anakwela njinga kupita kwa sing'anga wina wa cha ku Kalindawalo. Sing'angayo anawapatsa mizu ya mitundu iwili: wina wosanzitsa, wina wotchinjiliza. Wotchinjilizawo anausinja, ndipo ankauthila m'ndiwo zonse zimene ankaphikila mlongo wawo ndi Misozi.

"Kuyambila liti?" anafunsa amuna anga.

"Kuyambila tsiku lija anafika."

"Tsiku lija tinadya tonse," ndinatelo ine. "Inenso ndinadya."

"Muzuwo sunali woipa," anatelo a Ketelina. "Unali woteteza chabe."

A Lungu analankhula nthawi yaitali. Anati m'banja lonseli wothila mankhwala m'chakudya wapezeka mmodzi, ndipo si amene ankanenedwa. A Ketelina analila, anagwada, anandigwila mwendo. Tinapemphela. Tinagwilana chanza pamaso pa anthu, ndipo nkhani inatha.

Madzulo amenewo amuna anga anadya. Anadya mwamanyazi, osakweza maso, koma anamaliza, n'kupempha msuzi wina. Misozi anadya mpaka kudandaula kuti sakutha kuwelama. Ndinkayembekeza kuti ndisangalala. Koma ndinkangowayang'ana pakhosi, ndikudzifunsa ngati akudya chifukwa andikhulupilila kapena chifukwa a Lungu awauza.

Patapita masiku atatu, masana, ndili ndekha pakhomo, a Ketelina anabwela atasenza mbale ziwili zomangidwa m'kansalu koyela. Anagwada pakhonde n'kumasula. Munali nsima ya ufa woyela ndi nkhuku yachikuda, chiwalo chonse cha ntchafu, ndi bowa wotendela pambali.

"Alamu, ndinakulakwilani. Ndaphika ndi manja anga kuti mtima wanu utsike. Idyani."

Tsiku limenelo ndinali nditachokela kumunda, m'mimba mulibe kanthu chiyambile m'mawa. Fungo la nkhukuyo linandikoka malovu. Ndinayang'ana msuzi. Unali ndi timadontho takuda toyandama pamwamba. Mwina tinali ta bowa. Mwina ta mphika. Ndinayang'ana manja a alamu anga, zala zawo zokhala ndi zipsela za khasu, zimene zinalela mwana wanga zaka zinayi, zomwezonso zimene zinasinja mizu.

"Zikomo, alamu," ndinatelo. "Koma nakhuta. Ndangomaliza kudya posachedwapa."

Anayang'ana kukhichini kwanga. Pamafuwa panalibe moto, ngakhale utsi. Anabwezanso maso kwa ine. Sanakwiye. Anavindikila mbale mosamala, n'kuzikankhila pafupi ndi mwendo wanga.

"Chabwino. Ndizisiya pompano. Mwina njala ibwela."

Atapita ndinakhala ndi mbalezo nthawi yaitali. Ndinavundukula, ndinanunkhiza, ndinavindikilanso. Kenaka ndinazinyamula kupita kukhola, n'kukhuthulila zonse m'chomwela cha nkhumba yaikazi. Inadya ndi mafupa omwe. Ine ndinatsamila pamtengo wa khola n'kumaiyang'ana. Inamwa madzi, inadzikanda pachipilala, inagona pamthunzi. Ndinaima pomwepo mpaka dzuwa kupendeka, kudikila kuti mwina isanza, mwina ichita thovu, mwina idzuka ikuzungulila. Inangogona, mimba ikukwela ndi kutsika, makutu akuingitsa ntchentche.

Ndinatsuka mbale zija ndi mchenga mpaka kuwala, ndinaikamo mpunga wosaphika pang'ono kuti zisabwelele zopanda kanthu, n'kupita nazo ndekha.

"Zinali bwanji?" anafunsa a Ketelina.

"Zokoma kwambili, alamu. Sindinasiye ndi fupa lomwe."

"Ndasangalala," anatelo, akulandila ndi manja awili.

Pobwelela ndinacheuka. Anali ataima pakati pa bwalo, mbale ili m'manja, akuvundula mpunga uja ndi chala pang'onopang'ono. Kenaka anatapako dzanja limodzi, anawaza pansi, n'kuyamba kuitana nkhuku zawo.